Magalasi a Pakhonde la a Matewere

A Lekani Matewere amagwira ntchito panyumba yosamalira okalamba kufupi ndi Rockingham, ku Australia, ndipo pa antchito onse a pamenepo ndi iwo okha amene anawerengapo pepala limene lili kuseri kwa chitseko, lonena kothawira moto ukabuka. Analiwerenga tsiku loyamba, asanavale n'komwe yunifolomu. Atatha anapita kwa bwana kukanena kuti muvi umodzi ukuloza kuchipinda chochapira, kumene kulibe khomo lotulukira panja. Bwanayo anawathokoza. Patatha mwezi pepalalo linasinthidwa, ndipo kuyambira pamenepo anzawo akafuna kuchita chinthu mwachidule amayamba acheuka kaye kuona ngati a Lekani ali pafupi.

Anabadwira ku Linthipe, m'boma la Dedza, mu 1968. Bambo awo anali mmisiri womanga nyumba, munthu amene ankaona khoma lopindika ngati tchimo lofunika kukalapa kutchalitchi. A Lekani anatengera mtima womwewo, koma manja awo anakonda kwambiri tepi yoyezera kuposa njerwa. Atamaliza maphunziro a zomangamanga analembedwa ntchito kukhonsolo ya mzinda, kuti aziyendera nyumba zimene anthu akumanga. Anawapatsa njinga yamoto, kabuku, ndi chitini cha penti wofiira. Nyumba ikakhala yopanda pulani yovomerezeka, kapena ikalowa mumsewu, ankajambula X wamkulu pakhoma n'kusiya kalata.

Ku Kawale, ku Biwi ndi ku Chilinde ankawadziwa ndi kulira kwa njinga. Dzina lawo silinkafunika kumasulira. Akangotsika n'kunena kuti, "Ndine Lekani," amisiri ankaika zida pansi asanamve n'komwe dzina lachiwiri. Anthu anayesa njira zonse zimene munthu amayesa. Ena ankatchula za fanta, ena ankatulutsa nkhuku. Bambo wina anamangirira mbuzi kumbuyo kwa njinga yawo iwo akuyeza maziko. A Lekani atamaliza kuyeza anaimasula mbuziyo, anaimangirira pamtengo wa mango pamthunzi wabwino, kenako anatsegula chitini cha penti.

Mu 1996 anafika pagolosale ina ku Chilinde. Mwini wake, a Petro Chikuse, anali atangomanga khonde lokongola lasimenti yofiira, la mizati inayi, loti anthu azikhalapo akamamwa zoziziritsa kukhosi. Khondelo linali litalowa m'malo a msewu. A Lekani anayeza, analemba mamita awiri m'kabuku, najambula X pamzati wapakati. A Petro anaimirira pakhomo manja ali kumbuyo.

M'mawa mwake ku ofesi kunabwera mwana wawo wamkazi, Margreth, amene ankaphunzira unamwino. Anakana kukhala pampando. Analankhula kwa mphindi makumi anayi ali chiimire, ndipo a ofesi yoyandikana anasiya kutayipa kuti amve bwino. A Lekani anamvetsera zonse mpaka kumapeto, kenako anatambasula mapu patebulo n'kumuonetsa pamene msewu ukudutsa. Khondelo linagwetsedwa. Patatha zaka ziwiri awiriwa anakwatirana. Zimene zinachitika pakati pa mapu ndi ukwatiwo, onse awiri safotokoza.

A Petro analola ukwatiwo, anabwera kuchinkhoswe, ndipo paphwando anavina ngati kholo lina lililonse. Nkhani ya khonde sanaitchulepo, chaka chimenecho kapena china chilichonse chotsatira. Mkamwini wawo ankamuitana kuti "a Matewere," ndipo zokambirana zawo sizinkapitirira mvula, feteleza ndi umoyo wa ana.

Anabwera ku Perth mu 2014, mayi Margreth atapeza ntchito ya unamwino kuchipatala. Mapepala a a Lekani kuno anawaona ngati zithunzi za chikumbutso: anawauza mwaulemu kuti ngati akufuna kuyenderanso nyumba, ayenera kubwerera m'kalasi zaka zingapo. Mwana wawo, Rejoice, anali akadali kusukulu, ndipo banja linkafunika malipiro awiri. Choncho anachita kosi yaifupi yosamalira okalamba. Amasambitsa, amameta ndevu, amadyetsa anthu amene anaiwala kagwiridwe ka supuni. Ntchitoyi amaichita bwino, ndipo okalamba amawakonda chifukwa sathamanga. Bedi limene ayala a Lekani limadziwika ndi ngodya zake.

Koma mtima wa ntchito yakale sunawachoke. Amuna anzawo a kutchalitchi akamatsatira mpira pafoni, iwo amawerenga malamulo a zomangamanga a khonsolo ya dera lawo. Amadziwa kutalika kumene mpanda suyenera kupitirira, mtunda umene khoma liyenera kusiya kuchokera kumalire, ndiponso kuti madzi a padenga lako ayenera kuthera m'bwalo mwako momwemo. Malamulowo ankawakonda monga munthu amakondera nyimbo za chinenero chimene sadzaimbamo. Atagula nyumba yawo ya zipinda zitatu, anawerenga fayilo yake yonse, ndipo anasangalala kupeza kuti ngakhale khonde lakumbuyo, la denga lamalata ndi mizati yachitsulo, linali ndi chilolezo chake cha mu 1989.

Akazi awo a Petro, mayi ake a Margreth, anamwalira mu Febuluwale chaka chathachi. A Petro anatsala okha m'nyumba ku Chilinde ali ndi zaka makumi asanu ndi atatu ndi zitatu, ndipo achibale ankati sakudya. Mayi Margreth anathamanga ndi mapepala, ndipo mu Meyi mkuluyo anatsika ndege ku Perth atavala suti yakuda, kuti adzakhale nawo miyezi isanu ndi umodzi. Rejoice anali atasamukira ku Crawley kufupi ndi yunivesite, motero chipinda chinalipo.

Palibe amene anaganizira za kuzizira. Anthu kumudzi amamva kuti Australia ndi dziko lotentha, ndipo sanama, koma nyumba za kuno mu Juni zimasunga chisanu ngati mtsuko wadothi umasungira madzi. A Petro ankadzuka atavala majuzi awiri ndi chipewa. Hita anaikana, amati imawaumitsa m'mphuno n'kuwapweteketsa mutu. Pakhonde lakumbuyo dzuwa linkafika bwino, koma mphepo yochokera kunyanja inkadutsa pamenepo ngati ndi njira yake. Ankakhala pabalaza atafunda bulangete, akuyang'ana wailesi yakanema yozimitsa.

Kenako anapeza njira yawo. Galimoto yakale ya mayi Margreth inkakhala panja, kutsogolo kwa nyumba, chifukwa iwo ankapita kuntchito pasitima. Dzuwa likangokwera, a Petro ankatenga makiyi pamsomali, Baibulo lawo ndi fulasiki ya tiyi, n'kukalowa kumpando wa wokwera, mawindo onse otseka. Ankakhala mmenemo kuyambira 9 koloko mpaka 3 koloko. Kwa milungu iwiri panalibe amene anadziwa, chifukwa eni nyumba onse anali kuntchito.

Amene anaulula anali a Des, mzungu wa nyumba yoyandikana, amene anapuma ntchito kumafakitale a ku Kwinana. Anagogoda Loweruka lina m'mawa, akukanda m'khosi, n'kunena m'Chingerezi chake chotafuna mawu kuti sakufuna kulowerera za eni, koma kawiri konse wakhala akugogoda pawindo la galimoto kuti aone ngati mdala uja akupuma.

A Lekani anathokoza n'kutseka chitseko. Kuntchito kwawo munthu wokalamba atapezeka yekha m'galimoto, pamalembedwa lipoti la masamba atatu. Anapita kukawafunsa apongozi awo mwaulemu wonse.

"Bambo, ndamva kuti mumakhala m'galimoto."

"Mumatentha bwino," anatero a Petro.

"Sizoopsa?"

"Siyenda."

Tsiku lomwelo a Lekani anatuluka kukhonde lakumbuyo ndi tepi. Mayi Margreth anawapeza akulemba manambala kuseri kwa envelopu.

"Bambo a Rejoice, mukuyeza chiyani?"

"Titatseka mbali zitatuzi ndi magalasi, mphepo siilowa. Dzuwa lizilowa. Zikhala ngati galimoto ija, koma ya malo otambasulira miyendo."

"Ndiye tsekani."

"Pamafunika chilolezo. Khonde lotseguka ndi chinthu china, chipinda chotseka ndi chinthu chinanso. Pafunika pulani, pafunika injiniya, kenako kudikira. Zonsezo zikamatha, chisanu chidzakhala chitatha."

Mayi Margreth anawayang'ana amuna awo mmene anawayang'anira tsiku lija ku ofesi, koma ulendo uno sanalankhule mphindi makumi anayi. Anangoti, "Bambo anga akukhala m'galimoto," n'kubwerera m'nyumba.

A Lekani anaganiza nkhaniyi masiku atatu. Tsiku lachinayi anaimbira foni Luyando, mnzawo wa ku Zambia amene amapemphera naye tchalitchi chimodzi, ndipo amagwira ntchito pafakitale ya mawindo ndi zitseko za aluminiyamu ku Malaga, dera lina la Perth.

"Magalasi yalipo, ba Lekani," anatero Luyando m'Chinyanja chake cha ku Lusaka. "Yamene banabweza makasitoma, yangonkala chabe kumbuyo. Bwana anakamba ati wamene afuna atenge. Manje pepala ya khonsolo muli nayo?"

"Ndilibe."

Luyando anaseka mpaka kutsokomola. "Imwe? Ba Lekani bamene niziba ine?"

"Ubwere Loweruka, 7 koloko," anatero a Lekani.

Anamanga masiku a Loweruka atatu. Luyando anamangapo zipinda zotere zambirimbiri, koma akuti sanavutikepo ngati ulendo umenewu. Pamene iye ankafuna kuika mabawuti anayi, a Lekani ankaika asanu ndi atatu. Felemu iliyonse inkayezedwa ndi levulo kawiri, n'kumasulidwa, n'kuyezedwanso. A Lekani anajambula pulani yonse papepala lalikulu, ndi miyezo yake, ndi muvi woloza kumpoto, ngakhale kuti panalibe ofesi imene ankaipititsa. A Petro ankaonerera ali pawindo la kukhitchini, manja kumbuyo.

Pofika pakati pa Julayi chipinda chinatha. Anaikamo mpando wa ndalema, katebulo ndi kapeti yaing'ono. A Petro analowa, anakhala pansi, ndipo patapita theka la ola anavula chipewa. Tsiku lotsatira anavula juzi imodzi. Anayamba kudya bwino. Anayamba kufunsa mayina a mbalame zobiriwira zimene zinkatera pampanda, ndipo a Des akadutsa kuseri kwa mpandawo ankawakwezera dzanja. Mayi Margreth anaimbira foni achibale onse kuwauza kuti bambo achira.

Lamulungu lina masana, atabwera kutchalitchi, a Lekani anawapititsira tiyi apongozi awo m'chipindamo. A Petro anawalozera mpando wina kuti akhale, chinthu chimene sanachitepo. Anakhala awiriwiri dzuwa likuwaotha m'mawondo. Mkuluyo anayang'ana mafelemu, anayang'ana denga, anagogoda galasi ndi chala.

"Mwamanga bwino, a Matewere."

"Zikomo, bambo."

A Petro anapsontha tiyi, anaika kapu pambale pang'onopang'ono.

"Pulani ilipo?"

"Ilipo," anatero a Lekani, ndipo zinali zoona. "Koma siinapite kukhonsolo."

"Oho," anatero a Petro, n'kutseka maso.

Koma kuyambira tsiku limenelo a Lekani chakudya chinasiya kuwakomera. Anayamba kudikira kalata. Ankadziwa kuti makhonsolo a kuno amakhala ndi zithunzi za nyumba zojambulidwa kuchokera kumwamba, ndipo ndege iliyonse yaing'ono ikadutsa ankaweramitsa mutu. Ankatsegula bokosi la makalata kawiri patsiku. Munkapezeka timapepala totsatsa pitsa ndi ta anthu ofuna kugula nyumba. Galimoto yoyera ikaima mumsewu wawo, ankasuzumira pakatani. Mwezi wa Ogasiti unatha wonse popanda wobwera, ndipo zimenezi zinawakhumudwitsa mwa njira ina imene sankatha kuifotokozera akazi awo. Iwo akanakhala oyendera nyumba pakhonsolopo, nyumba yotere akanaigwira pasanathe mlungu.

Lolemba loyamba la Seputembala anali pa ofu. Anavala shati yoyera ndi tayi, anapinda pulani yawo, anakwera basi kupita kukhonsolo. Anatenga nambala pamakina, anadikira, ndipo nthawi yawo itakwana anafika pakauntala pamene panali mnyamata wa ndolo kukhutu.

"Ndabwera kudzanena za nyumba imene yamangidwa popanda chilolezo," anatero m'Chingerezi chawo cha mu ofesi.

Mnyamatayo anatulutsa fomu. Anawauza kuti dzina la wodandaula limasungidwa mwachinsinsi, mwini nyumbayo sadzalidziwa. Anafunsa adiresi ya nyumba yolakwayo, ndipo a Lekani anatchula. Anafunsa adiresi ya wodandaula. A Lekani anatchulanso yomweyo. Mnyamata uja anayang'ana fomu, anayang'ana tayi, kenako anati adikire pang'ono akaitane munthu wina.

Anatuluka mayi wamtali wa imvi, wa nsapato zachitsulo kutsogolo, amene ntchito yake inali yoyendera nyumba. Anamvetsera nkhani yonse osadula mawu. A Lekani atatambasula pulani ija, mayiyo anayendetsa chala pamizere yonse.

"Anakujambulirani ndani?"

"Ndekha."

"Ndiye munkadziwa kuti pafunika chilolezo."

"Ndinkadziwa bwinobwino. Ndinagwira ntchito yanuyi zaka makumi awiri kwathu."

Mayiyo anavula magalasi a m'maso n'kuwapukuta. Anati pa zaka zonse zimene wagwira ntchito, anthu amabwera kudzanenera anansi awo, alamu awo, ngakhale akazi awo akale, koma wodzinenera yekha anali asanamuonepo. Anafotokoza kuti njira ilipo yopemphera chilolezo chinthu chitamangidwa kale, kungoti ndi yaitali ndipo mapepala ake ndi ambiri. A Lekani anati akuidziwa, ndipo anatchula nambala ya fomu yake. Anagwirizana kuti mayiyo abwere Lachinayi la mlungu wotsatira.

Mayi Margreth anamva nkhaniyi madzulo ake akusenda anyezi. Anaika mpeni pansi.

"Mwapita kukadzinenera."

"Ee."

"Panalibe wakuonani, panalibe wodandaula, inu mwakwera basi, mwavala tayi."

"Akanadziwabe tsiku lina. Pogulitsa nyumba zimatulukira."

"Tikugulitsa nyumba?"

"Ayi."

"Akanena kuti mugwetse, mudzawauze nokha bambo. Ine ndinapita kale ku ofesi kamodzi chifukwa cha inu, sindipitanso."

Lachinayi lija mayi wa kukhonsolo anafika 11 koloko, ndipo mayi Margreth anali atasinthana shifiti ndi mnzawo kuti akhalepo. A Lekani anamulandira mlendoyo pageti ndi tepi yawo m'manja. Iye anali ndi kamakina koyezera ka kuwala kofiira, koma sanapeze mpata wokagwiritsa ntchito. A Lekani anamutsogolera ngodya ndi ngodya. Anamuonetsa kuti mbali ya kumadzulo yayandikira mpanda kupitirira muyezo ndi masentimita makumi awiri ndi awiri. Anamuonetsa magalasi awiri amene analibe chidindo chosonyeza kuti ndi osavulaza akasweka. Mayiyo atanena kuti zina zonse zikuoneka bwino, iwo anamupempha kuti ayang'anenso paipi ya madzi a padenga, imene inkathira pafupi kwambiri ndi malire. Mayiyo analemba zonsezo, nthawi zina akuluma mlomo wam'munsi.

Kenako analowa mkati. A Petro anali pampando wawo, mutu utagwera paphewa, kukamwa kuli pululu, Baibulo lili pamimba.

"Muli munthu amene amagona m'chipinda chino?" anafunsa mayiyo motsitsa mawu, cholembera chili pafomu. Funsolo linali lofunika, chifukwa chipinda chogona chili ndi malamulo akeake.

"Akupemphera," anatero mayi Margreth msangamsanga.

"Amagona kuyambira 11 koloko mpaka 1 koloko," anatero a Lekani. "Koma bedi lawo lili m'nyumba."

Mayi wa kukhonsolo anayang'ana mkulu uja, amene tsopano anali atayamba kuliza mkonono pang'ono. Analemba mawu ochepa pafomu, ndipo sanawawerenge mokweza.

Onse atatuluka panja, mutu wa a Des unatulukira pamwamba pa mpanda, n'kubwereranso pansi mofulumira utaona baji ya khonsolo. Mayiyo atapita, a Des anabwera pakhomo nkhope ili gwaa. Kuseri kwa nyumba yawo kunali shedi yaikulu yosungiramo bwato, imene anamanga okha kalekale, yotsamira pampanda penipeni. A Lekani anali ataiyeza ndi maso tsiku limene anasamukira m'nyumbamo, ndipo kwa zaka zonsezo anali asananenepo kanthu, chimene kwa iwo chinali chikondi chachikulu pa mnansi.

"Mnzanga, wandiitanira khonsolo pakhomo?" anatero a Des.

"Ndadziitanira ndekha. Za shedi yanu sanafunse, ndipo ine sindinatchule."

"Akanafunsa?"

A Lekani anaganiza kaye. "Ndi bwino kuti sanafunse."

Pankafunika kalata ya a Des yonena kuti sakudandaula ndi masentimita aja. Anasaina tsiku lomwelo, ataimirira, osawerenga, ndipo kwa milungu itatu sanakweze dzanja pampanda. Anayambiranso pamene mayi Margreth anawatumizira mbale ya mandasi.

Madzulo a tsiku la kuyenderako, dzuwa lisanalowe, a Petro anawaitana akamwini awo. Anali atamva zonse kwa mwana wawo.

"Akuti munapita kukadzinenera chifukwa cha funso langa lija."

"Linali funso loyenera, bambo."

"Ine ndinkangofunsa."

Mbalame zija zinkakangana pampanda. Kenako mkuluyo analankhula akuyang'ana kunja, ngati akunena za nyengo.

"Lija la ku Chilinde linalowadi mumsewu. Ndinkadziwa ndisanayambe kumanga. Mayi ake a Margreth ndi amene ankalifuna, ankati m'golosale mumatentha, akufuna pokhala poduka mphepo." Anakonza bulangete pamiyendo. "Ndipo anali mamita awiri ndi theka. Inu munalemba awiri."

A Lekani anakumbukira mzati wapakati uja, ndi mayi wina amene anakhala pampando kumapeto kwa khonde akusankha nyemba m'lichero, amene ananyamuka mwakachetechete kuti iwo adutse ndi tepi. Kwa zaka zonsezi ankaganiza kuti anali kasitomala.

"Pepani, bambo," anatero.

"Inali ntchito," anatero a Petro. "Thirani tiyi, wazizira."

Zotsalazo zinali za mapepala ndi thukuta. Injiniya anabwera, anagwedeza mafelemu, anawerenga mabawuti, n'kufunsa ngati akuyembekezera chivomezi. Luyando anabweretsa magalasi awiri a chidindo, akudandaula njira yonse kuchokera ku Malaga kuti akale aja analibe vuto. A Lekani anakumba dzenje lomwera madzi a mvula pakati pa kapinga, mumchenga wa kuno umene umagumukira mkati ukamakumba, ndipo msana unawapweteka mlungu wathunthu. Fomu inabwezedwa kamodzi chifukwa tsamba lina linasowa siginecha ya mayi Margreth, amene anati asaina akamaliza kuganiza. Anaganiza masiku anayi.

A Petro anakhala m'chipinda chawo mpaka Okutobala, pamene dzuwa linayamba kulimba ndipo anayamba kutsegula chitseko chagalasi, kenako kukokera mpando panja pamthunzi. Mu Novembala anakwera ndege kubwerera kwawo atanenepa pang'ono, suti ija ikuwathina pamimba. Pabwalo la ndege anagwira dzanja la a Lekani ndi manja awiri, nawauza kuti asamalire msana.

Chilolezo chinafika mu Januwale. A Lekani anachiwerenga kawiri ali chiimire pabokosi la makalata, anachiika m'pulasitiki, n'kuchilowetsa m'fayilo ya nyumba. Pansi pa kalatayo mayi uja anawonjezera ndi cholembera dzina la kosi ina ya madzulo ya oyendera nyumba, ndi mawu akuti aganizirepo. Akuganizirabe. Amati zaka makumi asanu ndi zisanu ndi ziwiri si zoyambira kalasi, komanso pali agogo ena kuntchito amene salola kumetedwa ndi munthu wina aliyense.

Nthawi imene chilolezo chinkafika, m'chipindamo munali mosalowereka. Kunja kukatentha madigiri makumi anayi, mkatimo kandulo imene anaiiwala patebulo inapindika n'kugona chammbali. Amene anapeza ntchito ya chipindacho ndi mayi Margreth. Amalima maungu ndi khobwe kuseri kwa nyumba, ndipo tsiku lina anafutsa nkhwani n'kuyanika pamathireyi m'chipindamo. Pofika madzulo unali utauma kuti gwa, wopanda fumbi, wopanda ntchentche. Nkhani inafika kutchalitchi. Tsopano amayi a ku Malawi amachokera kutali, ena mpaka kumpoto kwa mzinda, atanyamula masamba awo m'mabeseni, ndipo pafiriji pali ndandanda ya masiku kuti asalimbirane. Nyumba yonse imanunkhira mfutso kuyambira Disembala mpaka Malichi.

Loweruka lina Luyando anabwera kudzatenga chitambe cha akazi ake. Anapeza a Lekani ataima panja pa chitseko chagalasi, akuyang'ana mathireyi. Anaima pambali pawo, akudzipepesa ndi chipewa.

"Manje ba Lekani, niuzeni zoona. Mudala akabwela futi, na vonse vamene munapitamo, mungachite futi?"

A Lekani anaganiza funsolo mofatsa, monga amachitira ndi mafunso onse.

"Ndingachite," anatero. "Koma fomu ndingaipereke mu Malichi."

Anamuthandiza kunyamula beseni mpaka kugalimoto, kenako analowa m'nyumba kukasita yunifolomu, chifukwa anali ndi shifiti ya 2 koloko.